Nkhungu ya M'mbale Nambala 16

Nthambizo zinafika Lachiwiri
m'bokosi la ayezi, kuseri kwa mpando wa lole ya a Makwinja,
zitadutsa pa Muloza ndi makalata atatu odinda.
Nditatsegula, nyanja yomwe sindinaionepo
inalowa m'chipinda muno:
mchere, matope, ndi kafungo ka dzira lovunda.

A Makwinja akuti mitengo yake imaima m'madzi amchere
mizu ili pamtunda, ngati munthu wopinda buluku powoloka.
Kawiri pa tsiku nyanja imaimiza mpaka m'chiuno,
kawiri pa tsiku imaisiya m'thope, koma siwola.
Dzina lake m'Chichewa ndilibe.
Ife kuno tili ndi Mudi, wonunkha mwa mtundu wake.

Ndinatsuka masamba ndi sipiriti kuti zakunja zonse zife,
poti amene ndikumufuna sakhala pakhonde.
Amakhala m'kati, m'mitsempha ya tsamba,
mlendo wopanda ndalama
amene mwina lendi yake amalipira polondera nyumba.
Ndinadula tizidutswa, n'kuyala m'mbale zagalasi makumi anayi,
n'kutseka kabati yofunditsira.

Amayi amati: Sukulu yonse ija, ngongole yonse ija,
kuti uzikaweta nkhungu?
Ine ndikaipeza pa buledi ndimapala n'kutaya.

Tsidya la msewu, ku Queens,
mlongo wanga Malizani wagona sabata yachisanu.
Njinga yake ya kabaza inakumana ndi minibasi pa Kamba.
Fupa lagwirana, chilonda chakana.
Jakisoni woyamba chinamuseka, wachiwiri chimodzimodzi,
wachitatu ndi wogula, mtengo wake njinga yomweyo.
Adokotala akuti tizilomboto tinazolowera,
tikumwa mankhwala ngati thobwa.

Juni uno chiperoni sichikutha.
Soche wabisala, Ndirande wabisala,
nkhungu kunja, nkhungu m'kati.
Lachisanu magetsi anathima, jenereta lilibe dizilo,
ndinavula juzi n'kufunditsa kabati
ngati mwana wamalungo,
mlonda akundiyang'ana pawindo, osafunsa kanthu.

Zinamerabe.
Ina yoyera ngati thonje la ku Chikwawa,
ina yobiriwira, ina yakuda bii,
ina yotuluka thukuta lachikasu ngati uchi.
Zambiri n'zaulesi. Ndikaziika pakati pa tizilombo ta m'zilonda
zimangokhala phee, kugawana mbale mwamtendere.
Sindinafunse kuti tizilomboto tinachokera pa mwendo wa yani.

Lero m'mawa, mbale nambala 16.
Kankhungu kotuwa, kosaoneka bwino n'komwe,
kadzilambulira bwalo.
Kuzungulira konse mbee, ngati pakhomo posesa kumene,
tizilombo taima patali, palibe kodumpha mzere.
Ndinayeza ndi lula: mamilimita khumi ndi anayi.
Ndinayezanso. Ndinapukuta magalasi n'kuyezanso.

Ndikudziwa, musandiuze.
Bwalo la m'mbale si piritsi.
Pakati pake pali zaka khumi, mwina kuposa,
pali mbewa zoyesera, makina omwe kuno kulibe,
ndalama za anthu osadziwa kuti Chitawira ndi kuti.
Mwina chopha tizilombo chiphanso chiwindi.
Mwina ena anakapeza kale, kali ndi dzina lalitali m'buku.
Mwina pofika nthawiyo
mitengo ija idzakhala makala m'thumba.
Mwendo wa Malizani ulibe zaka khumi.
Adokotala akuti aona Lolemba.

Ndalemba nambala m'kope, tsiku, ndi dzina langa.
Ndamata mbaleyo tepi kawiri.

Thwelofu koloko, nthawi yoona odwala.
Ndaoloka msewu ndi fulasiki ya tiyi
ndi mbatata ziwiri zowotcha za pa geti.
Malizani watsamira khoma, waonda, mano okha.
Akuti: Nanga ziweto zako, achemwali, zikudya?
Ndati: Zikudya.
Imodzi yayamba kuluma.
Waseka mpaka kugwira bandeji,
kenako wapempha shuga wowonjezera.